Komedi kapena nthabwala: tikumuseka ndani?

Funso: Aphunzitsi, kunyumba kwathu timakangana pa masewero a pa wailesi yakanema. Ana anga amafa nalo phwete akamaonera masewero a ku America, ine osaona choseketsa ngakhale pang'ono. Iwo amati sindiidziwa komedi. Kodi mawu amenewa ndi Chichewa? Nanga kungonena kuti nthabwala n'kulakwa?

Yankho: Bambo, funso lanuli landikondweretsa kwambiri, chifukwa mwakhudza mawu amene akhala akundisowetsa mtendere. Komedi tinaitola ku Chingerezi, koma nawo Angerezi anachita kuilandira. Gwero lake ndi Chigiriki: komos linali gulu la anthu osangalala, oyenda akuimba ndi kuvina, ndipo ode ndi nyimbo. Kubwereka mawu si mlandu. Sukulu, buku ndi tebulo n'zobwereka, ndipo palibe amene amazikana. Chimene chimandiwawa n'chakuti pano tabwereka khasu pomwe makasu athu ali mbwee pakhonde, aliyense ndi ntchito yake.

Taonani. Nthabwala ndi mawu onenedwa kuti anthu aseke popanda wopwetekedwa, ndipo njerengo ndi mbale wake wapafupi. Kusereula n'kuseweretsa munthu amene mwazolowerana naye. Chipongwe chimayambira pamene ulemu wathera. Kunyogodola ndi kutonza, apo ndiye cholinga n'choti wina zimulase mumtima. Achinyamata a masiku ano zonsezi amangozikulunga pamodzi n'kuti komedi, ndipo khutu likazolowera zimenezi limaleka kusiyanitsa.

Koma chuma chenicheni chili m'mneni woti kuseka. Munthu ukhoza kumuseka, ukhoza kuseka naye, ukhozanso kumusekerera. Kumuseka n'kuima patali, iye ali pansi, iwe uli pamwamba. Kuseka naye n'kukhala naye mbali imodzi. Kumusekerera n'kuona kuti walakwa koma osamudzudzula, mwina chifukwa umamukonda. Agogo anga ankakonda kunena kuti mwana wamwano sanabadwe choncho, anachita kusekereredwa, ndipo kuyambira pamenepo sindinawasokonezepo mawu atatuwa. Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti kusiyana kwa mitundu ya anthu pa nkhani ya zoseketsa kwagona pa mawu atatu omwewa.

Tengani sewero lotchedwa The Office. Linayamba ku Britain pa BBC mu 2001, lolembedwa ndi Ricky Gervais ndi Stephen Merchant. Bwana wa mu ofesiyo, David Brent, amadziona ngati wanthabwala wokondedwa ndi onse, pomwe antchito ake amangoyang'ana pansi ndi manyazi. Woonera amamuseka, ndipo kusekako kumabwera thupi likuchita nyansinyansi. Nkhani yonse inatha m'zigawo 14 zokha. Anthu a ku America anapanga lawo pa wailesi yakanema ya NBC mu 2005, Steve Carell akusewera bwana Michael Scott. M'chaka choyamba anatsatira njira ya ku Britain, bwana wouma ndi wochititsa manyazi. Kenako anamufewetsa, n'kumusandutsa munthu wopusa koma wofuna kukondedwa, woti ukamuona alakwa umamva naye chisoni. Sewerolo linakhala mpaka 2013, zigawo 201. Nkhani ndi yomweyo, ofesi ndi yomweyo, koma Angerezi ankafuna bwana womuseka pomwe Amereka ankafuna womusekerera. Mawu oti komedi sangakuuzeni zimenezi. Chichewa chakuuzani ndi mneni mmodzi.

Palinso kasewero kena kotchedwa Dinner for One, kamene kanajambulidwa mumzinda wa Hamburg ku Germany mu 1963, m'Chingerezi, ndi Angerezi awiri, Freddie Frinton ndi May Warden. Mayi wokalamba akukondwerera zaka 90, wakonzera malo anzake anayi amene anamwalira kalekale, ndiye wantchito wake amayenera kumwa m'malo mwa mlendo aliyense. Amazungulira tebulo, kuledzera kukunka kukula, n'kumapunthwa pa mutu wa chikopa cha kambuku choyalidwa pansi. Ku Germany kaseweroka kamaonetsedwa usiku wotsiriza wa chaka chilichonse kuyambira mu 1972, ndipo anthu amakadziwa pamtima. Kwa eniake chinenerocho ku Britain, ambiri sakadziwa n'komwe. Apa n'zoonekeratu kuti kumva chinenero sikokwanira. Munthu amaseka zimene anakula akuona anthu a m'nyumba mwake akuseka.

Komabe Mr. Bean wa Rowan Atkinson, amene anayamba mu 1990, anafika kutali chonchi ngakhale zigawo zake zinali 15 zokha. Salankhula kwenikweni. Nkhope ndi thupi ndizo zimagwira ntchito, ndipo zimenezo sizifuna womasulira. Nthabwala yodalira kuseweretsa mawu ndiyo imafera panjira.

Tsono za inu ndi ana anu. M'masewero ambiri a mabanja a ku America, mwana amayankha bambo ake mochenjera, bamboyo n'kusowa chonena, pomwepo n'kumveka khamu likuseka. Nthawi zina ndi anthu enieni oonerera, nthawi zina n'kuseka kojambuliratu, luso limene Charles Douglass anatchuka nalo m'zaka za m'ma 1950. Kusekako kumauza woonera kuti apa ndi pa nthabwala. Ana anu akula akumva chizindikiro chimenecho ndipo amachikhulupirira. Inu, amene munaleredwa podziwa kuti mkulu sayankhidwa, khutu lanu limamva mwano ndi chipongwe, ndipo n'zosatheka kuseka chinthu chimene mtima wanu wachiika kale m'gulu la chipongwe. Choncho sizoona kuti simuidziwa komedi. Mumaidziwa bwino, kungoti malire a nthabwala mumawaika pena, iwo pena. Tsiku lina sewero lili mkati adzafunseni kuti, "Kodi pamenepa tikumuseka ndani, mwanayo kapena bamboyo?" Mudzaona kuti mkangano wanu suli pa mawu obwerekawo ayi.

Chigamulo changa ndi ichi. Kunena kuti nthabwala si kulakwa ngakhale pang'ono, koma nthabwala ndi zonenedwazo, osati sewero lonse. Sewerolo litchuleni kuti sewero lanthabwala kapena sewero loseketsa, ndipo polemba m'nyuzipepala kapena powerenga nkhani pa wailesi ndi mawu amenewa amene ndikufuna kuwaona ndi kuwamva. Pocheza, komedi ndikuilola, chifukwa yakhazikika kale m'kamwa mwa anthu ndipo sindingaichotse. Ingovalani Chichewa: ilembedwe ndi k, ithere ndi i, tizinena kuti komedi imeneyi, ndipo akachuluka akhale makomedi amenewa.