Kwa achemwali ofuna galimoto yokwana tenti, kulabokosi ndi galu

Achemwali, ndaona funso lanu loti Vitz yayamba kukucheperani mukamapita kokagona kunyanja ndi galu wanu, nde mukufuna kagalimoto kena kakale koma kotakasuka, ndipo maso anu ali pa Sienta, Fit ndi Note. Ambiri akuuzani kale kuti Sienta basi. Ine sindikukana, koma dikirani kaye ndikuuzeni zomwe ndadutsamo, poti inenso ndimakhala kuno ku Salima ndipo matenda oyendayenda ndi galu ndili nawo kuyambira kale.

Ine ndinayambanso ndi Vitz, ya injini ya 1.0 ija ya masilinda atatu, ndipo galu wanga Denja ali kamwana zinkatheka bwinobwino, ankagona pa mapazi a mayi akunyumba. Atakula nde zinavuta, chigalu chokwana mpando wonse wakumbuyo chokha, tenti pamiyendo, matiresi opinda atatsekereza galasi lakumbuyo, mbaula mubuti pamodzi ndi thumba la makala, tikafika ku Senga Bay aliyense watuwa ndi ubweya kkkk. Nde chimene ndinaphunzira nchakuti kukula kwa galimoto ya ulendo wotere sikuona kuchuluka kwa mipando ayi. Chofunika ndi choti mukapinda mipando yakumbuyo pansi pake pakhale fulati, denga likhale lokwera moti galu nkukhala tsonga mutu osagunda, komanso mimba ya galimoto isamakhule pansi mukasiya tala. Zinthu zitatu zimenezi basi, zinazo ndi zokongoletsa.

Ndiyambe ndi Note poti ndiyachangu. Ili ndi malo ambiri a miyendo kumbuyo, munthu wamtali amakhala ngati bwana, koma galu safuna malo a miyendo. Buti yake ndi yochepa, nde mungosintha dzina la galimoto vuto likhala lomwelo. Ine ndingaisiye.

Fit ndi nkhani ina. Kunja imaoneka ngati Vitz yomweyo koma a Honda anachita nzeru, thanki ya mafuta anaiika pansi pa mipando yakutsogolo, nde kumbuyoko pansi panatsika. Mipando yakumbuyo mukaigwetsa imalowa pansi nkukhala fulati, komanso mutha kuidzutsa pokhalira pake nkuimika ngati mipando ya mu holo, pakati nkutsala malo aatali kuchoka pansi kufika kudenga. Kwa galu wamkulu malo amenewo ndi abwino kwambiri, amalowa pa chitseko chapambali osadumpha kwambiri, amagona pansi, ndipo mukaponda buleki mwadzidzidzi chifukwa cha mbuzi za pa Thavite sauluka kuchoka pampando. Mafuta imamwanso pang'ono, zomwe ndi nkhani yaikulu masiku ano ogona pa mzere ku filing'i. Vuto lake ndi lakuti ndi yotsika. Mukaidzaza katundu ndi zigubu za madzi imakhala pansi, hampu iliyonse mumaidutsa chammbali, ndipo timisewu tolowera kunyanja ta mchenga ndi mizu ya mitengo timaivutitsa. Zoyambirira zija za 2001 mpaka 2007 zambiri giyabokosi yake imanjenjemera ponyamuka, mukayesa nkumva kuti gu-gu-gu pochoka, isiyeni. Za hayibulidi zoyambira 2013 zili ndi giyabokosi ya mtundu wina yomwe inavutapo kwawo ku Japan komweko, nde ku Dwangwa kapena ku Benga simukapeza woidziwa msanga.

Tsopano Sienta. Ine ndinakhala nayo zaka ziwiri, yakale ija ya nyali zozungulira yomwe inayamba kupangidwa 2003. Ubwino wake ndi woonekeratu, denga lalitali, zitseko zapambali zokoka zija zimathandiza zedi chifukwa galu amalowa ndi kutuluka opanda kukanda galimoto ya eni ake, ndipo timipando tiwiri takumbuyo kwenikweni timapindika nkulowa pansi pa mipando yapakati, nde buti imakhala yaikulu ndithu. Sipeya wake ali paliponse, makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango amaidziwa ngati nsima. Koma achemwali, chomwe chimapangitsa sipeya kupezeka ndi chomwenso chikuyenera kukuopsani. Ma Sienta ambiri ogulitsidwa mmanja mwa anthu kuno anagwirapo ntchito ya takisi, anyamulapo anthu teni ndi matumba a mpunga ndi madengu a usipa pa M5 tsiku ndi tsiku, mashoko anatha, mabushi anatha, zitseko zija zimatsekedwa ndi phewa. Amaitsuka bwino, kupopera penti, kuika makava atsopano pamipando, inu nkumati mwatola. Ine yanga ndinagula kwa munthu wina yemwe analumbira kuti inali ya amayi ongopita nayo kutchalitchi, patatha mwezi mvula itagwa fungo la nsomba linatuluka pansi pa kapeti moti Denja ankangofukula pamenepo ulendo wonse. Chinanso choseketsa, mukamadutsa pa Kamuzu Road kapena pa Kaphatenga aliyense amakuimikani kuti Nkhotakota, Nkhotakota, ndipo pa rodibuloko amakuyang'anani kaye ngati wa takisi.

Nde ngati mtima wanu uli pa Sienta, gulani yongofika kumene kuchokera ku Japan, osati yomwe yatha zaka ikuyenda kuno.

Koma ine ndikuponyerani maina awiri omwe simunawatchule, Probox ndi Fielder. Panopa ndili ndi Probox ndipo anzanga amandiseka kuti ndagula galimoto yonyamulira mabuledi, koma kwa ntchito yathuyi sindinaone yoiposa. Ndi bokosi basi, a Toyota anaipanga 2002 kuti izinyamula katundu wa makampani, nde kumbuyo kwake ndi kwa makona anayi, mukagwetsa mpando mumapeza malo otalika pafupifupi mamita 1.8, matiresi amalowa, ndipo tsiku lina mwera utakuntha usiku mpaka tenti kuzuka zikhomo tinangolowa mgalimoto momwemo ine, mayi ndi galu nkugona mpaka mmawa. Mkati mwake ndi pulasitiki wolimba, mchenga ndi ubweya mumangosesa ndi tsache nkupukuta ndi kansanza konyowa. Masipuling'i akumbuyo ndi olimba poti anapangira katundu, nde mukaidzaza sikhala pansi ngati Fit. Kuipa kwake, ikakhala yopanda katundu imadumphadumpha, mpando wakumbuyo ndi benchi chabe, phokoso la mseu limalowa lonse, ndipo zambiri magalasi akumbuyo ndi opukusa ndi dzanja. Ngati mumanyamula apongozi kawirikawiri akudandaulani. Fielder ndi m'bale wake wovala suti, Corolla ya buti yaitali, imayenda mofewa, mipando yabwino, malo akumbuyo ambiri, kungoti denga ndi lotsikirapo ndipo makapeti ake amagwira ubweya koopsa, mtengonso imakwererapo.

Chosangalatsa nchakuti Sienta yakale ija, Probox ya 1.5, Fielder ya 1.5 ya 2015 isanafike ngakhalenso Ractis ya 1.5 yoyamba ija zimagwiritsa injini imodzi, 1NZ. Ndi ya tcheni osati lamba, ndipo mukamasintha oyilo nthawi yake imakhalitsa. Nde pa injini musavutike mutu, muyang'ane giyabokosi. Zambiri mwa izi ndi CVT, otomatiki ija yopanda magiya owerengeka, ndipo CVT ndi mchenga sizigwirizana. Mukatitimira nkumaponda moto kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, imatentha nkuyamba kulira, ndipo kugula ina ndi ndalama yoti mukhoza kulira nanunso. Komanso ili ndi oyilo wakewake, musalole munthu akuthirireni ATF, oyilo wa otomatiki wamba, ati ndi chimodzimodzi, sichimodzimodzi. Probox za 2014 isanafike zili ndi otomatiki wamba ya magiya anayi kapena manyuwo, ndipo nchifukwa china chomwe ndinaisankhira. Imamwako mafuta ochulukirapo pang'ono kuposa CVT koma imapirira nkhanza.

Ena akuuzani kuti gulani 4WD, yokoka ndi matayala onse anayi, ngati Rush kapena Terios. Zoona ndi zokwera ndipo matope a Febuluwale sizimawaopa, koma mkati ndi mopapatiza, galu wamkulu ndi katundu mubwerera pomwe munali ndi Vitz, mafutanso zimamwa. Malo ambiri omwe ife timakagona, kaya ku Senga Bay, kaya mbali ya Chia, kaya magombe a kufupi ndi Nkhotakota boma mpaka ku Ngala, nthawi yachilimwe galimoto wamba imafika bola muli ndi mutu. Ine ndimayenda ndi fosholo, matabwa awiri, chingwe chokokera ndi kapampu kolumikiza ku batire. Ndikafika pa mchenga wambiri ndimaphwetsako matayala pang'ono, ndimadutsa osaima, ndikabwerera pa tala ndimapopanso. Ndipo musamaike galimoto mphepete mwenimweni mwa madzi, munaona momwe nyanja inakwerera 2024 mpaka kulowa mmalo ogona alendo, mchenga womwe mukuuona wouma pamwamba pansi pake ndi phala.

Muonetsetsenso kuti ili ndi tayala la sipeya. Galimoto zambiri zatsopanoko zochokera ku Japan zimabwera ndi kabotolo ka guluu ndi kapampu basi, pomwe maenje a M5 amang'amba tayala mmbali, guluu sangathandize. Sipeya weniweni, jeke ndi sipanala, muzione ndi maso anu musanapereke ndalama.

Eyakoni musanyengerere, ndipo apa ndikunena za moyo wa galu osati chitonthozo chanu. Inu mukudziwa kutentha kwa kuno Okutobala ndi Novembala. Galu satuluka thukuta ngati ife, amadziziziritsa ndi wefuwefu uja basi, nde mgalimoto yotentha amatha kukomoka mwachangu, makamaka akakhala kubuti komwe dzuwa limalowa pa galasi lakumbuyo ndipo mphepo ya eyakoni sifikako bwino. Poyesa galimoto khalani kumbuyo inuyo, wina ayendetse, mumve ngati kukuzizira. Ndipo osamusiya mgalimoto ati ndingogula chambo mphindi zisanu, mukudziwa kuti kutsitsana mtengo ndi asodzi sikutha mphindi zisanu.

Pali chinanso chomwe anthu obwera kuchokera ku Lilongwe sachidziwa. Ku nkhalango ya Nkhotakota kuli kashembe, ntchentche ija yopatsa anthu matenda a kaodzera, ndipo agalu imawadwalitsa koopsa mpaka kufa. Nkhalangoyi akuyang'anira a African Parks kuyambira 2015, ndi kuja anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ndipo malo osungira nyama ngati amenewa sakulolani kukagona ndi galu, nde kumeneko muchotseretu pa pulani. Koma mseu wa M18 wopita ku Kasungu umadutsa mkati momwemo, ndipo kashembe amathamangira galimoto yoyenda, amakondanso mtundu wakuda ndi wabuluu, nchifukwa chake misampha yake amaipanga ndi nsalu za mitundu imeneyo. Nde podutsa magalasi atsekedwe, eyakoni iyake, ndipo posankha galimoto tengani yoyera kapena yasiliva, yomwenso sitentha kwambiri padzuwa. Katemera wa chiwewe akhale wa chaka chino ndipo kakhadi kake kazikhala mgalimoto, mankhwala a nkhupakupa musaiwale, komanso galu asamasambe kufupi ndi mathiriro a mitsinje ngati Bua kapena Linthipe kapena mmabango a Chia, ng'ona zimagwira agalu.

Za mtengo sinditchula, chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mitengo imasintha musanamalize kusunga ndalama. Chomwe mungadziwe nchakuti mukaitanitsa nokha kudzera ku Dar es Salaam nkulowera pa Songwe, msonkho wa MRA umakwera galimoto ikakhala yakale kwambiri komanso injini ikakhala yaikulu, nde yotchipa pa intaneti ija nthawi zina imadzadula pa boda. Injini ya 1.3 kapena 1.5 ndi pabwino. Mukagula ya kuno, blue book ikhale dzina la amene akukugulitsaniyo, mukasinthe umwini ku Road Traffic limodzi, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamseu) ndi inshuwalansi muone madeti. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire kwambiri, amabwezedwa, yang'anani mapedulo, chiwongolero ndi mpando wa dalaivala momwe zaperepesekera. Muikwezenso pa pit muone pansi, sampu ngati inagundapo, komanso dzimbiri, chifukwa zina zimachokera madera a chipale chofewa ku Japan komwe amathira mchere mumseu, pamwamba penti waliwali pansi padyeka.

Ndikanakhala inu, ngati mumayenda awiri ndi galu ndipo simusamala zoti anthu akusekani, Probox ya 1.5. Ngati galimoto yomweyo ndi yopitanso nayo kuntchito ndi ku maukwati, Fielder. Ngati pali ana, Sienta yongofika kumene. Fit pokhapokha ngati malo omwe mumapita mseu wake ndi wabwino ndipo katundu wanu ndi wochepa. Koma tsiku lokaona galimoto nyamulani tepi yoyezera, kulabokosi yanu ndi tenti ili mthumba lake, muziike mubuti muone chotsala, ndipo ngati mwini wake angalole tengani galu yemweyo ndi kachitenje koyala. Ine dila wina anakana kuti Denja akwere, ndinangoyeza kutalika kwake atakhala tsonga kunyumba, masentimita 80 ndi kakusefukira, nkupita ndi ndodo yodula muyezo womwewo, anyamata a pa yadi anaseka mpaka kugwira mimba koma galimoto ziwiri zinalephera mayeso a ndodo pomwepo.

Mukagula mudzaikenso neti kapena chitsulo chotchinga pakati pa buti ndi mipando, owotcherera a pa Kamuzu Road amapanga mukawapatsa muyezo, ndipo katundu wolemera ngati zigubu azikhala pansi atamangidwa kuti asamugwere galu pa kona.