Funsani Dokotala: Chiikireni lupu ya mankhwala, magazi sakuleka kudontha

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 44, wa ana anayi. Kwa chaka chathunthu ndinkasamba magazi ambiri, nthawi zina oundana. Atatenga kanyama ka m'chiberekero n'kukapima, anandiuza kuti khungu la m'kati mwa chiberekero lakhuthala koma si khansa, ndipo anandiika lupu ya mankhwala yotchedwa Mirena. Papita miyezi iwiri ndi theka, koma magazi akudonthabe pafupifupi tsiku lililonse, mabere akuwawa, kumaso kwatuluka ziphuphu, ndiponso ndikumapsa mtima msanga. Bambo a kunyumba ayamba kudandaula, ndipo apongozi akuti lupu imasowa m'thupi n'kukafika ku mtima. Kodi ndikachotsetse?

Yankho: Mayi, pepani ndi zimene mukuonazi. Kuvala thonje tsiku ndi tsiku kwa miyezi yoposa iwiri n'kotopetsa, ndipo palibe woyenera kukuuzani kuti mukungodandaula pachabe. Komabe malangizo anga ndi akuti musathamangire kuchotsetsa, chifukwa kwa inu lupuyi sinaikidwe ngati njira yolera chabe, koma ndi mankhwala a vuto limene linapezeka m'chiberekero chanu.

Vutolo madokotala amalitcha endometrial hyperplasia. Mwezi uliwonse homoni ya estrogen, yomwe ndi mankhwala amene thupi limapanga lokha, imakulitsa khungu la m'kati mwa chiberekero, kenaka dzira likatuluka, homoni ya progesterone imaletsa kukulako n'kukonza khungulo kuti lichoke bwinobwino pa nthawi ya msambo. Mayi akamayandikira kusiya kusamba, miyezi ina dzira silituluka, choncho estrogen imagwira ntchito yokha popanda yoiletsa, ndipo khungu limangokhuthala. Kunenepa kwambiri kumawonjezera vutoli chifukwa mafuta a m'thupi nawonso amapanga estrogen. Lupu imene muli nayo ili ndi mamiligiramu 52 a mankhwala otchedwa levonorgestrel, ofanana ndi progesterone, ndipo imawatulutsa pang'onopang'ono, pafupifupi mamayikirogiramu 20 patsiku, pomwepo pamene pali vuto. N'chifukwa chake malangizo amene bungwe la Royal College of Obstetricians and Gynaecologists la ku Britain linatulutsa mu 2016 amaika lupuyi patsogolo pa mapiritsi pochiza mtundu wa vutoli umene maselo ake sanasinthe maonekedwe.

Magazi amene akudonthawo akuchokera m'ntchito yomweyo. Khungu lokhuthala likamaphwa limakhala lofewa, timitsempha take timasweka msanga, ndipo limachoka pang'onopang'ono m'malo mochoka nthawi imodzi. Izi n'zofala m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, kutanthauza kuti inu mukadali mkati mwa nyengo yovutayo. Pambuyo pake amayi ambiri amasamba pang'ono kwambiri kuposa kale, ndipo pomatha chaka, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu amakhala atasiyiratu kusamba. Zikadzatero musadzade nkhawa kuti magazi akuunjikana m'mimba, monga anthu ena amanenera. Khungu limakhala lapyapyala moti palibe chotuluka.

Pakali pano gulani kakope kolembamo tsiku lililonse ngati magazi anatuluka, kuchuluka kwake, ndi mapadi amene mwagwiritsa ntchito. Ndimaumirira zimenezi chifukwa munthu wotopa saona msanga kuti zinthu zikusintha, koma kakope kamaonetsa ngati masiku ouma akuchuluka, ndiponso kamathandiza dokotala kuweruza bwino. Ngati m'mimba mukupotokola, ibuprofen womwa mutadya amachepetsa ululu komanso amachepetsako magazi, koma musamwe ngati muli ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, kapena mphumu imene imabuka mukamwa mankhwala a mtunduwu. Magazi akachuluka, dokotala angakulembereni tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, wa masiku ochepa. Popeza munataya magazi chaka chonse lupu isanaikidwe, pemphani kuti akupimeni kuchuluka kwa magazi m'thupi, chifukwa kufooka, chizungulire ndi kutopa msanga zimene amayi ena amanamizira lupu nthawi zambiri zimachokera ku kuchepa magazi, komwe kumachizika ndi mapiritsi a ayironi.

Kuwawa kwa mabere, ziphuphu ndi mutu zimabwera chifukwa kachigawo kochepa ka mankhwalawa kamalowa m'magazi, ndipo kwa ambiri zimazilala m'miyezi yoyambirira yomweyi. Kamisolo yogwira bwino ndi panado zimathandiza mabere, pamene kumaso kumafuna sopo wofatsa, osati mafuta oyeretsa khungu amene amangowonjezera ziphuphu.

Za kupsa mtima ndikufuna tiimepo pang'ono. Amayi ena amaonadi kusintha kwa maganizo akaikidwa lupuyi, ndipo ine sindichepetsa dandaulo limeneli. N'zoona kuti kusagona, kuopa khansa ndi mkangano wa m'nyumba pazokha zingapsetse munthu mtima, komanso pa msinkhu wanu mahomoni a thupi lanu akusinthasintha. Koma mukaona kuti kwa masabata awiri kapena kuposerapo mukungokhala wachisoni, mukulira popanda chifukwa, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, kapena mukuganiza zodzivulaza, musadikire tsiku limene anakupatsani. Pitani mukanene momveka bwino, pakuti chimenecho ndi chifukwa chokwanira choganiziranso za mankhwala anu.

Apongozi anu muwayankhe mwaulemu kuti palibe njira yochokera m'chiberekero kukafika ku mtima. Chimene chimachitika, koma mwa apo ndi apo, kwa mayi mmodzi kapena awiri mwa 1,000, n'chakuti lupu imaboola khoma la chiberekero, makamaka pa nthawi yoika, ndipo imapezeka ndi sikani kapena ekisire n'kuchotsedwa. Chofala kuposa pamenepo ndi lupu kutuluka yokha, zomwe zimachitikira pafupifupi mayi mmodzi mwa 20, kawirikawiri m'miyezi yoyambirira ndiponso kwa amene amasamba kwambiri. Choncho kamodzi pamwezi sambani m'manja n'kufufuza ndi chala timaulusi tiwiri ta lupuyo pakhomo la chiberekero, osakoka. Mukapanda kutipeza, tikatalika, kapena mukakhudza pulasitiki yolimba, kapimitseni. Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo mukamva ululu waukulu m'chinena, mukatentha thupi, mukamatuluka chikazi chonunkha, magazi akamadzaza padi ola lililonse, kapena mukaganiza kuti mwaima.

Bambo a kunyumba muwatenge ulendo wotsatira kuti akamve okha. Kudontha kwa mtundu uwu sikuletsa kukhalira pamodzi m'banja ngati nonse muli omasuka, ndipo ngati timaulusi tikuwabaya, wachipatala angatifupikitse. Kumbukirani kuti lupu siteteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana, koma ma ARV ndi mankhwala a TB saifooketsa.

Chimene chidzatiuze ngati mankhwala akugwira si kuleka kwa magazi, koma kupimanso kanyama ka m'chiberekero pakatha miyezi isanu ndi umodzi, zomwe zimatheka lupu ili momwemo. Pamafunika zotsatira zabwino kawiri motsatizana, motalikirana miyezi isanu ndi umodzi, dokotala asanakumasuleni, ndipo amene ali onenepa kwambiri amapitiriza kupimidwa chaka ndi chaka. Ngati mukugwirizana nayo, ndi bwino lupu ikhalemo mpaka zaka zisanu kuti vuto lisabwerere. Pa mtundu umene maselo sanasinthe, osakwana asanu mwa amayi 100 ndiwo amadzadwala khansa m'zaka 20, koma pa mtundu wina wotchedwa atypical, umene maselo ake asintha maonekedwe, chiopsezo n'chachikulu, ndipo nthawi zambiri timalangiza kuchotsa chiberekero. Funsani kuti pepala la zotsatira zanu likunena mtundu uti, ndipo zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala.

Thupi ndi lanu, ndipo mukafika poti simungathenso kupirira, muli ndi ufulu wopempha kuti ichotsedwe. Chimene ndikukupemphani n'chakuti musakachotsetse mwakachetechete kwa munthu amene sakudziwa chifukwa chimene inaikidwira, n'kubwerera kunyumba opanda mankhwala. Ikachoka, tsiku lomwelo muyambe mapiritsi a medroxyprogesterone kapena norethisterone, amenenso ndi ofanana ndi progesterone, omwa tsiku lililonse osadumphitsa kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi, podziwa kuti mapiritsi amafika thupi lonse, kotero mabere, ziphuphu ndi maganizo zingavute kuposa pano, ndipo tsiku lopimanso kanyama lija likhale lomwelo.