Madeti Akusokonekera Anthu Akachuluka pa Seva

Funso: Zikomo akonzi. Ndimalemba mapulogalamu a Java kuno ku Johannesburg. Timagwiritsa ntchito Jackson, laibulale ya Java, popanga JSON (kalembedwe kotumizirana deta), ndipo pa pempho lililonse timaitana mapper.setDateFormat() pa ObjectMapper imodzi (chida cha Jackson chosandutsa deta kukhala JSON) pofuna kusintha kalembedwe ka deti. Anthu akachuluka, madeti ena amatuluka olakwika. Vuto lili pati? Wowerenga wa ku Braamfontein.

Yankho: Achimwene, vuto lagona pa kusinthasinthako. ObjectMapper imagwira bwino pa ma thread ambiri (timagawo ta pulogalamu togwira ntchito nthawi imodzi) pokhapokha mwamaliza kuikonza isanayambe ntchito. Mukaisintha ntchito ili mkati, thread ina imalemba deti ndi kalembedwe komwe inzake yangoika kumene. N'chifukwa chake poyesera pa kompyuta yanu nokha simuona kanthu.

SimpleDateFormat, chida cha Java cholembera madeti, nayo ili ndi msampha wake: imasunga deti lomwe ikulemba mu Calendar mkati mwake, ndiye ma thread awiri akaigwira nthawi imodzi amafufutirana manambala. Jackson imadzipangira kope isanaigwiritse ntchito, koma mukaika yanu mu static field (malo amodzi ogawana ma thread onse) n'kumaiitana mu serializer (kachidutswa kosandutsa deta kukhala JSON) yolemba nokha, palibe chokutetezani.

Konzani mapper kamodzi, pulogalamu ikamayamba. Pofuna kalembedwe kena, itanani mapper.writer(df), pomwe df ndi kalembedwe ka deti komwe mukufuna; imabweza ObjectWriter (cholembera JSON) yatsopano osakhudza mapper. Koposa apo, samukirani ku java.time, yomwe inabwera ndi Java 8 mu 2014. DateTimeFormatter, cholembera madeti cha mu java.time, sisintha ikapangidwa, ndiye ma thread safufutirana. Lembetsani JavaTimeModule pa mapper kuti Jackson izimva java.time, zimitsani WRITE_DATES_AS_TIMESTAMPS kuti madeti asalembedwe ngati manambala chabe.

Onaninso nthawi. Mukapanda kuiuza, Jackson imatenga UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, pomwe Johannesburg, monganso Blantyre, ili patsogolo ndi maola 2. Zolowa 1 koloko usiku zimaoneka ngati zadzulo.