Denga likamadontha mvula yamphepo, silikoni si mankhwala ake

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera kuti nyumba yawo yangotha zaka zitatu, koma siling'i ya pabalaza yachita kale banga lakuda pakona. Mmisiri wapakapo silikoni (chomatira chotsekera timabowo) kawiri, komabe mvula ikabwera ndi mphepo madzi amalowabe. Akufunsa ngati ayenera kusasula malata onse.

Mayi, musasasule kaye. Ndipo mmisiri amene wapaka silikoni kawiri asanalowe m'siling'i musamuitanenso. Pamene pali banga si pamene pali bowo. Madzi akalowa amatsetsereka kunsi kwa lata, n'kugwira thabwa lokhomerapo malata, n'kuyenda nalo mamita awiri kapena atatu asanagwe. Munthu amamata pamwamba pa banga, pomwe vuto lili cha kumtunda uko.

Mawu anu akuti "ndi mphepo" ndiwo andiuza zambiri. Bowo la msomali limadontha mvula iliyonse, ngakhale yowaza. Denga lodontha pokhapokha mphepo ikawomba nthawi zambiri limakhala kuti malata sanapitirirane mokwanira, ndiye mphepo imakankhira madzi chammwamba pakati pa malata awiriwo. Pamene lata lakumtunda lagona pa lakumunsi pamafunika masentimita 15 mpaka 20, ndipo denga likakhala logona kwambiri, 25 kapena 30. M'mbali, malata wamba amizere azipitirirana mzere umodzi ndi theka. Amisiri ambiri amaika mzere umodzi wokha kuti apulumutse malata awiri pa nyumba yonse, mwininyumba n'kumayamika kuti wapeza mmisiri wosawononga zipangizo. Ndalama yomwe yapulumuka pamenepo imadzathera pa siling'i yatsopano.

Misomali nayo ili ndi mlandu. Pa malata amizere msomali umakhomedwa pamwamba pa mzere, osati m'chigwa momwe madzi amayenda. Ukakhomedwa mopitirira muyeso, lata limabonyoka n'kupanga kadziwe mozungulira mutu wa msomali. Ukaphonya thabwa, mmisiri amauzula n'kukhoma pena, kabowo kaja n'kutsala pomwepo. Kamphira kapansi pa mutu wa msomali kamauma ndi dzuwa la Okutobala n'kung'aluka. Nayo geji, nambala yosonyeza kukhuthala kwa lata: nambala ikamakwera lata limapyapyala, choncho 32 ndi yopyapyala kuposa 28, ndipo malata opyapyala pa matabwa otalikirana amapindika munthu akangopondapo kamodzi. Pokwera padenga pondani pamene pali mzere wa misomali, chifukwa pansi pake pali thabwa.

Simunandiuze ngati nyumba yanu ndi ya denga lobisika, lija khoma limakwera n'kuphimba malata. Ngati ndi choncho, pamenepo ndiye pagona nkhani, ndipo ine sitayiloyi sindigwirizana nayo m'dziko lomwe mvula imagwa mwamphamvu kuyambira Novembala mpaka Epulo. Madzi onse a denga amasonkhana m'ngalande yobisika kuseri kwa khoma, n'kumatulukira m'paipi imodzi yaing'ono. Masamba a mango ochepa chabe akatseka paipiyo, madzi alibe kolowera koma m'nyumba. Pamene lata lakumana ndi khoma, ambiri amangomata simenti. Lata limafutukuka masana n'kubwerera usiku, simenti siitsatira, ndiye imang'aluka chaka chomwecho. Pofunika pamenepo ndi lata lopinda, lokwera khoma masentimita 15, mlomo wake wolowetsedwa m'kamzere kosemedwa m'khomamo. Nyumba yooneka bwino kumsewu koma yonunkha chinyontho m'kati, ine ayi.

China chomwe chimandinyansa ndi kudula malata ndi girayinda, makina odulira zitsulo aja, malatawo ali padenga. Tizitsulo totentha timamwazika pa lata, mvula yoyamba ikagwa timachita dzimbiri, ndipo denga latsopano limatuluka timadontho tofiira. Dulirani pansi, ndipo sesani denga ntchito ikatha. Miyala ndi njerwa zotsamiritsa malata nazonso zimasunga chinyontho pansi pake. Ngati mukuopa mphepo, mangirirani matabwa a denga kukhoma ndi waya wolimba. Amene anaona Namondwe Freddy mu Marichi 2023 akudziwa kuti mwala sugwira denga.

Mukaona madontho m'mawa wa Juni kapena Julayi kulibe mvula, limenelo ndi thukuta la malata, osati bowo. Pamafunika mpweya uziyenda m'siling'i.

Zoti muchite sabata ino

Masana kuli dzuwa, munthu alowe m'siling'i ndi tochi, ayambe wazimitsa kuti aone pamene kuwala kukulowa, kenako atsate mzere wa madzi pa matabwa chokwera kuchokera pa banga. Wina athire madzi padenga ndi paipi, kuyambira kumunsi kukwera pang'onopang'ono, mpaka wa m'kati akuwe. Misomali yogwedera ichotsedwe, muikemo masikuluwu a malata okhala ndi mphira. Timabowo timatidwe ndi tepi ya phula pa lata lotsukidwa ndi louma. Ngati malata sanapitirirane mokwanira, asasule mzere umenewo wokha n'kuikapo lata lalitali. Thabwa lomwe lanyowa mulibaye ndi msomali: likalowa mosavuta, lafumbwa, lisinthidwe ndi lopakidwa mankhwala a chiswe. Siling'i yatsopano idikire mpaka mvula yamphepo igwe kawiri popanda dontho.