Mwana wanga akufufuza za mliri wa makoswe, ntchito adzaipeza kuti?

Mayi wina wa ku Balaka wandilembera kuti mwana wake wamkazi, yemwe ali chaka chomaliza ku yunivesite, wasankha kulemba kafukufuku wosonyeza kuti mliri wa makoswe (Black Death, nthenda yofalitsidwa ndi utitiri wa makoswe) ndiwo unabala mafakitale ku England. Akufunsa kuti: "Fizi ndalipira ndi ndalama za nandolo. Nkhani za azungu akalekale zidzamudyetsa?"

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Koma ine chimene chandidetsa nkhawa ndi kukula kwa mutuwo, za ntchito tikambirana pambuyo.

Mwana wanu sanalote. Mliriwu unafika pa doko la Messina ku Sicily, m'dziko la Italy, mu 1347, ndipo pofika 1351 unali utapha munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Ulaya, mwinanso theka. Minda inatsala, makasu anatsala, olima ndiwo anasowa. Waganyu amene kale ankachita kupempha anayamba kutchula yekha mtengo. Ku England eni minda anakadandaula kwa mfumu Edward III, yomwe mu 1349 inalamula kuti malipiro abwerere pomwe anali mliri usanafike, ndipo mu 1351 nyumba ya malamulo inakhwimitsa lamulolo. Anthu ankalizemba. Mu 1381, atatopa ndi msonkho wa pamutu, alimi anagalukira boma n'kulowa mu London motsogozedwa ndi Wat Tyler. Amene munamva agogo akusimba za kuthawa msonkho wa atsamunda mukudziwa mmene mkwiyo wotere umayambira.

Vuto lili apa. Makina opota thonje a James Hargreaves anatuluka cha m'ma 1764, ndipo James Watt analembetsa injini yake ya nthunzi mu 1769. Kuchokera pa mliri uja papita zaka zoposa 400. M'katimo muli malasha otchipa, thonje lolimidwa ndi akapolo ku America, ndi misika ya maiko olamulidwa ndi Britain. Katswiri wa mbiri ya chuma Robert Allen amati malipiro okwera ndi malasha otsika mtengo ndizo zinachititsa kuti kugula makina kupindulitse kuposa kulemba anthu ambiri. Mfundoyi ndi yamphamvu, koma akatswiri anzake akutsutsanabe nayo. Komanso kum'mawa kwa Ulaya zinatembenuka: zaka zotsatira, alimi ambiri anamangiriridwa kwa eni minda kuposa kale. Mphunzitsi womuyang'anira akadzafunsa chifukwa chake, mwana wanu adzasowa poyima. Walira mvula walira matope.

Ndikanakhala ine ndikanausendeza mutuwo kufupi. Mliri womwewu unabukanso ku Hong Kong mu 1894, kumene wasayansi Alexandre Yersin anapeza kachilombo kake, ndipo unayenda pa sitima zapamadzi mpaka ku Bombay mu 1896 ndi ku Cape Town mu 1901. Ku Cape Town akuluakulu anasamutsa anthu akuda masauzande angapo kupita ku Uitvlugt, komwe kunadzatchedwa Ndabeni, ponamizira kuteteza umoyo. Mu 1904 ku Johannesburg anatentha dera lina la anthu osauka n'kuwatumiza ku Klipspruit, pomwe panadzayambira Soweto. Apa mliri ndi migodi zikuonekera mu chaka chimodzi, mu mzinda umodzi, ndipo ndi Joni yemweyo amene azibambo athu ankapitako kudzera ku Wenela. Funso loti matenda ankasintha bwanji malo ogona ndi mayendedwe a ogwira ntchito m'migodi ndi loti mwana angathe kulimaliza m'miyezi yochepa. Mafailo a boma la Nyasaland ali ku National Archives ku Zomba, sakufunika ndege kuti akawaone.

Tsopano za ntchito. Sindikunamizani, simudzaona mu nyuzipepala akufuna katswiri wa mliri wa makoswe. Digiri ya mbiri payokha imavuta kugulitsa, ndipo ambiri amathera ku uphunzitsi, komwe nthawi zambiri amafunanso pepala la maphunziro a kaphunzitsidwe. Chimene olemba ntchito amagula ndi luso lotsalira m'manja: kufunsa anthu mafunso, kusanthula ziwerengero, kulemba lipoti lomveka. Mabungwe ofufuza za umoyo amalemba anthu otere. Kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inaonetsa kuti pamafunika anthu omvetsa chifukwa chake mudzi wina ukukana mankhwala pomwe wina ukulandira, osati madokotala okha. Ngakhale dokotala John Snow, mu 1854, anasonyeza gwero la kolera ku London polemba pa mapu nyumba zomwe munachitika maliro, mpaka chala chinaloza pa mpope wa pa Broad Street.

Ndiye mumuuze aphunzire Excel bwinobwino, kenako SPSS kapena Stata (mapulogalamu a pakompyuta osanthulira ziwerengero), chaka chino chisanathe, ndipo mu kafukufuku wakeyo mukhale matebulo a ziwerengero amene wapanga yekha. Tchuthi chikubwerachi asachikhale pakhomo, akafunsire ntchito yotolera mayankho m'midzi, ngakhale ya masabata awiri. Sabata ino apite kwa mphunzitsi wake ndi tsamba limodzi lofotokoza mutu watsopanowo. Inu musungeko thumba limodzi la nandolo, lidzakhala la thiransipoti ya ku Zomba ndi fotokope.