Mzere wa teminolo watalika, mawindo onse akufanana

Kalata ya sabata ino yachokera ku Katete, kwa mnzathu amene amasamala makompyuta pa sukulu ina. Akuti pa Ubuntu mawu otsogola polemba lamulo akumadya theka la mzere, ndipo akatsegula mawindo atatu a teminolo sadziwanso kuti iyi ndi iti.

Achimwene, mawu amenewo ndi prompt, ndipo bash, pulogalamu yomwe imalandira malamulo anu mu teminolo, imawasunga pa malo otchedwa PS1. Tsegulani fayilo ya ~/.bashrc, mutsike mpaka pansi penipeni, mulembe:

PS1='\u@\h:\W\$ '

\u ndi dzina lanu, \h ndi dzina la kompyuta. Yakutalikitsirani mzere ndi \w yaing'ono, yomwe imaonetsa njira yonse ya mafoda. \W yaikulu imangotchula foda yomwe mulimo. \$ imasanduka # mukalowa ngati root, mwini mphamvu zonse pa kompyuta. Mukasunga, lembani source ~/.bashrc muone.

Koma ine nkhani imene ndimailimbikira ndi ya mtundu. Tsiku lina madzulo ndili kuno ku Chipata, nditalowa pa seva ya ku Lusaka kudzera pa ssh (njira yolowera pa kompyuta ina muli kutali), ndinalemba lamulo lozimitsa poganiza kuti ndi laputopu yanga. Laputopu ili pheee, ikuyakabe, seva ndiye yazima. Kuyambira pamenepo seva iliyonse ndimaipaka zofiira:

PS1='\[\e[31m\]\u@\h\[\e[0m\]:\W\$ '

31 ndi wofiira, 32 wobiriwira, 0 amabweza mtundu wa masiku onse. Chonde musasiye \[ ndi \]. Ndizo zimauza bash kuti zili mkatimo sizitenga malo pa sikirini. Mukaziiwala, bash imaphonya kuwerenga utali wa mzere: lamulo lalitali limayamba kudzilemba pamwamba pake, ndipo mukadina muvi wokwera mumapeza zidutswa za lamulo lakale zitatsalira.

Za mutu wa windo, kuti muzidziwa windo iyi ndi iti, onjezani ichi pansi pa mzere wa PS1 uja:

PS1="\[\e]0;\u@\h: \W\a\]$PS1"

\e]0; imatsegula mutu, \a imatseka. Ubuntu ili nawo kale mzere wotere mu .bashrc, koma PS1 yanu yatsopano imaufafaniza, n'chifukwa chake tikuubwezera. Popeza mutu uli mkati mwa prompt, umalembedwanso lamulo lililonse likatha, ndiye mukasintha foda nawonso umasintha.

Mizere yomweyi muiikenso mu .bashrc ya pa seva, osati pa kompyuta yanu yokha, kuti mukangolowa ndi ssh dzina la seva lionekere pamwamba pa windo.