Yambani ndi Los Angeles, achemwali

Achemwali, mwafunsa buku loti muyambire pa nkhani zofufuza milandu yakupha m'mizinda ikuluikulu yamakedzana, komanso ngati katangale amene amalembamoyo si wongokokomeza. Sakokomeza ayi, ndipo Los Angeles ndi umboni wokwanira.

Mu Januwale 1938, Harry Raymond, yemwe kale anali wapolisi ndipo ankafufuza za ziphuphu za akuluakulu a mzindawo, atangoliza galimoto yake bomba linaphulika. Anapulumuka, zidutswa za zitsulo zili thupi lonse. Amene khoti linamupeza wolakwa anali Earl Kynette, mkulu wa gulu la apolisi lozonda anthu otsutsa. Chaka chomwecho anthu anavota kuchotsa meya Frank Shaw nthawi yake isanakwane. Ndiye mlembi akalemba kuti wapolisi amatolera ndalama kumalo a njuga n'kukagawana ndi mabwana ake, wayambira pa zinthu zoti zinkachitikadi.

Ambiri akuuzani za mlembi James Ellroy, ndipo sakulakwa. The Black Dahlia ya 1987 yatsamira pa imfa ya Elizabeth Short, amene mtembo wake unapezeka mu Januwale 1947. L.A. Confidential ya 1990 ili ndi nkhani ya Khirisimasi ya 1951, pomwe apolisi ataledzera anamenya koopsa amuna 7 m'chitokosi. Mayi ake a Ellroy anaphedwa mu 1958 iye ali ndi zaka 10, wowapha osapezeka, ndipo bala limenelo mumalimva powerenga. Koma mabuku akewo ndi olemera, mayina ndi ambirimbiri, apolisi ake pakamwa mpodzaza tsankho. Si poyambira.

Ine ndikuti yambani ndi Devil in a Blue Dress ya Walter Mosley, ya 1990. Nkhani ikuchitika mu 1948. Easy Rawlins ndi munthu wakuda amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, si wapolisi, sanaphunzireko zofufuza milandu. Wangochotsedwa ntchito kufakitale ya ndege, pomwe kanyumba kake kali pa ngongole. Ndiye mzungu wina wovala suti yoyera akumupeza m'bala n'kumupatsa madola 100 kuti akasake mzimayi wina wosowa. Easy akuona bwinobwino kuti munthuyu ngoopsa, koma ndalamazo akulandira, chifukwa akapanda kulipira mwezi umenewo nyumba ipita. Chimene chimandigwira mtima n'chimenechi: katangale mukumuonera pansi, kwa munthu amene apolisi akhoza kumunyamula pakhomo pake, kukamumenya, n'kumutulutsa usiku popanda wofunsa. Chilichonse chimene wapeza ayenera kuganiza kawiri kuti auze ndani, poti amene akanayenera kumuteteza ndi omwewo akumuopseza, ndipo ulusi wa mlanduwo ukukafika kwa munthu amene ankalimbirana nawo mpando wa meya. Chingerezi chakenso n'chosavuta.

Chenjezo langa n'lakuti musayembekezere kuti wakupha akadziwika ndiye kuti chilungamo chachitika. M'mabuku amenewa wamng'ono ndiye amafa kapena kumangidwa, bwana n'kukwezedwa udindo. Komanso mukadzafika pa Ellroy, musatenge mathero ake ngati mbiri: mu The Black Dahlia wakupha amadziwika, koma mlandu weniweni wa Elizabeth Short palibe amene anaweruzidwa nawo mpaka lero.